Chingerezi chimene chinandisamutsa ku Lizulu

Ana anga, Chifundo ndi Tiyanjane, za ubwana wanga ndi za ku sukulu ya uphunzitsi ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo sindizibwereza. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka za chaka chimene anandichotsa ku Lizulu. Nkhaniyi mumaidziwa theka, ndipo thekalo munalimva kwa anthu ena osati kwa ine. Ndaona kuti ndiilembe ndekha maso anga akadaona mizere ya m'kope.

Champiti, 1979 mpaka 1995

Ntchito ndinayambira ku Champiti. Ndinafika pa lole ya feteleza nditakhalira matumba, sutikesi ili pamiyendo. Ahedi, a Zimba, anandilandira pansi pa mtengo wa mango pamene panalinso ofesi yawo nthawi yotentha, nandipatsa Sitandade 7, Chingerezi. Mabuku anali ochepa moti ana ankaunjikana pa buku limodzi, ena nkumawerenga chozondoka. Choko chikatha tinkalemba ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndipo chinkalemba bwino ndithu kungoti ana ena ankachidya ndikatembenuka. Dikishonale inali imodzi pasukulu ponse. Inalibe chikuto ndipo inkayambira pa chilembo B, koma a Zimba ankaitsekera m'kabati ngati mankhwala.

A Zimba sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo nthawi imeneyo mantha anali nzeru. Dziko linali la chipani chimodzi. Tsiku lina ndikuphunzitsa mawu otsutsana, monga tall ndi short, ndinalemba pabolodi mawu akuti opposite. Mtsikana wina amene bambo ake anali ndi wailesi anakweza dzanja nandifunsa ngati mawuwo ndi amodzi ndi opposition. Ndinamuuza kuti ndi apachibale, ndipo kuti m'maiko ena opposition ndi anthu a m'nyumba ya malamulo amene ntchito yawo ndi kutsutsa boma likalakwa. Sindinaganize kuti ndanena chachikulu. Mawa lake a Zimba anandiitana, natseka chitseko.

"Mayi, mawu amene munalemba dzulo aja m'silabasi mulibe."

"Mwana anafunsa, ahedi. Ndipo m'dikishonale alimo."

"Dikishonale ilibe ana oti idyetse. Inu muli nawo."

Ndinapepesa tsiku limenelo. Ndikulemba izi kuti musamaganize kuti mayi anu anabadwa ouma mutu. Ndinapepesa, ndinakafufuta bolodi, ndipo mtsikana uja atafunsanso ndinamuuza kuti atsegule tsamba lina. Chinthu chimenecho chinandikhala pakhosi zaka zambiri.

Bambo anu, aNgozo, anabwerako ku migodi ya ku Joni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anabwera ndi njinga, bulangete lolemera ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma ankadziwa kulemera kwa Chingerezi kuposa ine amene ndinkachiphunzitsa. Ankati kumgodi munthu ankadinda chala papepala limene sakulimva, kenako nkumuuza kuti unavomera wekha. Ndiye mu 1993, pamene nkhani ya riferendamu inadzaza pawailesi, anthu a m'mudzi anayamba kubwera pakhonde pathu masana kudzafunsa kuti mawu amenewa akutanthauza chiyani. Ine ndinkayankha mozemba. Anali bambo anu amene anandigulira kope, nati, "ANagama, lembanimo mawu onsewo. Wina akafunsa muzimuwerengera, asamakamve kwa anthu a kumowa." Ndinalemba referendum, ballot, multiparty, opposition, lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa. A Zimba analiona kopelo patebulo panga m'kalasi, analitsegula, analitseka. Atavota anthu, a Zimba omwewo anabwera kudzalibwereka.

Lizulu, 1995 mpaka 2013

Ku Lizulu mukukudziwa, ndi kumene munakulira. Sindifotokoza za chisanu cha mwezi wa Juni kapena za msewu umene mbali ina ndi kwathu, mbali ina ndi ku Mozambiki. Ndinaphunzitsako zaka zambiri pansi pa ahedi osiyanasiyana, ena abwino, ena ongodikira tsiku la malipiro. Nyumba ya sukulu imene tinkakhala inali ya malata abwino, yapansi pa simenti, ndipo chipatala sichinali patali. Kwa bambo anu zimenezi zinali zofunika kuposa chilichonse. Kope lija linakula, linakhala makope atatu omangidwa pamodzi ndi ulusi wa thumba, chifukwa chisankho chilichonse chinkabwera ndi mawu ake. Ana a Sitandade 8 ndinkawaphunzitsa mawuwo poyera, ndipo panalibenso wonditsekera chitseko. Ndinkayesa kuti masiku aja anapita.

Chakumapeto kwa 2013 ndinali nditatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi kuti ndipume pantchito. Loweruka lina masana kunabwera Mayi Asiyatu Bwanali. Tonse pa Lizulu tinkawadziwa. Anali a banja lachisilamu la masitolo a m'mbali mwa msewu, koma iwo ankagula mbatatesi kwa alimi nkumatumiza pa lole ku Blantyre, ndipo anali wapampando wa komiti ya amayi a mumsika. Mawu awo ankamveka kuchokera tsidya la msewu. Koma tsiku limenelo anakhala pamkeka mwakachetechete, akukonzakonza mpango wawo, mpaka bambo anu anadzuka kupita kuseri kwa nyumba kuti mayiwo amasuke.

"Madamu, ndikufuna kuima pa ukhansala chaka chamawachi. Poima pandekha, osati pachipani."

"Ndi nkhani yabwino, mayi. Ndiye mwabwera kudzapempha voti?"

"Voti mudzandipatsa mukadzafuna. Ndabwera chifukwa akuti wopanda satifiketi ya Fomu 4 akayesedwe Chingerezi ku boma. Ine ndinalekeza Sitandade 6. Amuna a pamsikapa akundiseka kuti ndikagwera pakhomo pomwe."

Ndinawafunsa chimene ankafunira ukhansalawo. Anandiuza za zimbudzi za pamsika zimene zinadzaza zaka zapitazo, moti amayi ogulitsa kabichi ndi tomato ankathamangira kuseri kwa masitolo a tsidya lina, apolisi a kumeneko nkumawathamangitsa. Anati makalata analemba ambiri, ndipo yankho linkabwera m'Chingerezi, wowawerengera nkuwauza kuti zikuonedwa. "Ndatopa ndi kuwerengeredwa," anatero. Ndinawauza kuti abwere Lolemba ana akaweruka, ndi kope ndi cholembera.

Ndaphunzitsa ana ambiri, koma wophunzira ngati ameneyu sindinakhale naye. Ankabwera masiku onse kupatula Lachisanu, manja ali ndi dothi la mbatatesi, nkukhala pabenchi ya pakhonde. Kuwerenga ankatha pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Chovuta chinali kulankhula, chifukwa ankachita manyazi ndi lilime lawo. Mawu akuti ward ndi word ankawatchula chimodzimodzi, ndipo sabata yoyamba yonse ankadabwa kuti khansala aziimira bwanji wodi ngati ya kuchipatala. Nditawauza kuti minutes ndi zolemba za zimene anthu agwirizana pamsonkhano, anakana. Anati minitsi amaidziwa, ndi ya pawotchi, ndipo azungu asamasokoneze anthu dala. Koma chinthu akachigwira sankachitayanso, chifukwa ankachimangirira ku zimene ankadziwa. Nditafotokoza quorum, kuti msonkhano sungayambe anthu asanakwane, anati, "Ndiye minibasi imeneyo. Siinyamuka isanadzaze." Pa motion, ganizo limene munthu amapereka pamsonkhano, anati ndi kuika katundu pasikelo kuti onse aone kulemera kwake. Tinadutsa candidate, nomination, independent, agenda, budget. Mawu amene anawakonda koposa anali point of order, nditawauza kuti munthu akanena zimenezo, ngakhale wapampando amayenera kuima kaye nkumumvera. Anawabwereza katatu, nandifunsa ngati ndi zoona kuti ngakhale mkazi akhoza kunena. Bambo anu ankakhala pampando wawo wandalema chapatali, akutsokomola, nkumakhala ngati wapampando wa khonsolo kuti mayiwo ayeserere. Ankawadula mawu dala, ndipo Mayi Bwanali akaiwala Chingerezi nkuyamba kuwakalipira m'Chichewa, onse awiri ankaseka mpaka chifuwa chiwagwire.

Lizulu, Disembala 2013

Sabata yotsekera sukulu ndinaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ndinapeza ahediwo ataima pawindo, ndipo pampando wawo panakhala a Kamwendo, mlangizi wa maphunziro wa dera lathu, amene ankayang'anira masukulu onse ozungulira. Aliyense ankadziwa kuti mlamu wawo akufuna mpando womwewo wa ukhansala. Anandilonjera bwino, anafunsa za chifuwa cha bambo anu, kenako anafika pankhani.

"Mayi, tamva kuti m'nyumba ya sukulu mukuchitika misonkhano ya ndale."

"Mukuchitika phunziro la Chingerezi, bwana. Wophunzira ndi mmodzi."

"Wophunzirayo akupikisana nawo pachisankho. Inu ndinu wantchito wa boma. Malamulo mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. Sindinavale nsalu ya munthu, sindinaime pamsonkhano, sindinauze aliyense woti amuvotere. Ndikuphunzitsa mawu omwewo amene ndimaphunzitsa ana a Sitandade 8. Alamu anu akafuna abwere, benchi ndi yaitali."

Ahedi anatsokomola pawindo paja. A Kamwendo anaseka pang'ono, nati mlamu wawo ali ndi satifiketi, safunika benchi. Kenako anatsitsa mawu. Anati ndatsala pang'ono kupuma, ndili ndi nyumba yabwino ndi mwamuna wodwala, ndipo kumwera kwa boma lino kuli masukulu amene akulira aphunzitsi odziwa ntchito ngati ine. Anati sakundiopseza, akungondikumbutsa. Zimene ankafuna zinali zochepa: ndiwauze mayiwo kuti ndatanganidwa.

Ndinapempha kuti ndikaganize. Ndikuvomera kuti pofika kunyumba ndinali nditakonza kale mawu okawauza Mayi Bwanali. Ndinapeza bambo anu akuwothera dzuwa. Ndinawafotokozera zonse, ndi kuwauza kuti ndaganiza zosiya, chifukwa cha matenda awo. Iwo anandifunsa:

"Mayeso awo ndi liti?"

"Akuti chakumayambiriro kwa chaka."

"Mukawasiya lero akhoza?"

"Sakhoza. Kuwerenga akutha, koma akafunsidwa funso amauma pakamwa."

"Ndiye musandiike ine pakati, aNagama. Mukafuna kusiya siyani chifukwa cha mantha anu. Chifuwachi ndinachitenga chifukwa chodinda chala pa zimene sindinkamva. Musachigwiritsenso ntchito potsekera munthu wina pakamwa."

Ndinakwiya nawo. Ndinawauza kuti kulankhula nkosavuta kwa munthu amene sadzanyamula katundu. Koma Lolemba Mayi Bwanali atabwera ndi kope lawo, ndinawauza kuti atsegule pamene tinalekezera, ndipo ndinaika benchi pabwalo penipeni pamene aliyense wodutsa akanationa.

Manjawira, Januwale mpaka Epulo 2014

Kalata inabwera sukulu itangotsegulidwa. Inali yaifupi, ya Chingerezi chabwino, ndipo inati ndikufunika ku sukulu ina kufupi ndi Manjawira chifukwa cha kuchepa kwa aphunzitsi. Za ndale sinatchule. Ndinapita ku ofesi ya maphunziro ku boma kukadandaula, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo amene ndinawapeza anati ndiyambe ndapita kaye, dandaulo lizitsatira. Galimoto yotisamutsa sinabwere. Amene anatinyamula ndi Mayi Bwanali pa lole yawo, mipando yathu ili pamwamba pa matumba a mbatatesi, bambo anu atakhala kutsogolo ndi dalaivala, a Musa. Mayiwo analira potsazikana, nati alekeza zonse, akauza a Kamwendo kuti asiya, bola atibweze. Ndinawauza kuti akachita zimenezo ndiye kuti ndasamuka pachabe, ndipo sindidzawalonjeranso.

Ku Manjawira ndi kumapeto ena a Ntcheu, kotentha, kwa udzudzu. Aphunzitsi ankasowadi, pamenepo kalata sinaname. Ndinapatsidwa makalasi awiri, imodzi pansi pa mtengo. Nyumba imene tinapatsidwa inali yosiyidwa kalekale. Malata anali obooka ngati sefa, ndipo inali nthawi ya dzinja. Mvula ikayamba tinkasuntha bedi kufuna pouma, mabeseni ndi mapoto zili mbwee pansi. Ahedi a kumeneko, mayi wachifundo, anayesetsa kumata ndi phula, koma madzi ankapeza njira. Makoma ankakhala onyowa, bulangete la ku Joni lija linayamba kununkha nkhungu, ndipo chifuwa cha bambo anu chinasintha kamvekedwe.

Phunziro silinaime. Lole ya mbatatesi inkadutsa pa Manjawira popita ku Blantyre kawiri pa sabata. A Musa ankaima pamsika, nkundipatsa kope la Mayi Bwanali litakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Ndinkachonga ndi cholembera chofiira, nkulemba ntchito ina, ndipo pobwerera ankalitenga. Nthawi yopuma ya masana ndinkaima pachulu kuseri kwa kalasi, pamene foni inkagwira bwino, mayiwo nkumandiwerengera nyuzipepala mokweza ali pakati pa msika wa Lizulu. Ndinkamva ma lole akulira ndi anthu akuitanira malonda, iwo ali kalikiliki ndi mawu akuti constituency, amene anawavuta mpaka tsiku lomaliza. Kenako ndinkawafunsa mafunso ngati wa ku boma. Why do you want to be a councillor? Tsiku loyamba anangoti because toilets, nkuthera pomwepo. Pofika sabata yachitatu ankatha kunena ziganizo zinayi zolumikizana, zokhota koma zomveka.

Mu Febuluwale bambo anu anagonekedwa kuchipatala masiku angapo ndi chibayo. Titatuluka, ahedi anandiitanira pambali. Anati a Kamwendo aimba foni. Amva za matendawo ndipo ali ndi chisoni. Nyumba ya ku Lizulu sinalowe munthu. Ndikalemba kalata yovomera kuti ndinachita ndale m'nyumba ya sukulu, ndi kupepesa, ndi kulonjeza kuti kope lija lisiya kuyenda, akhoza kukonza zoti tibwerere mwezi womwewo. Ahediwo anandigwira dzanja nati, "Lembani, amayi. Ndi pepala chabe."

Ndinalemba. Chifundo, mvetsa bwino pamenepa. Ndinakhala patebulo masana amenewo ndi kulemba kalata yonse, mpaka dzina langa pansi. Kenako ndinapita nayo kuchipinda kumene bambo ako anagona, chifukwa m'banja mwathu munalibe pepala lotuluka m'nyumba mnzako asanalimve. Ndinawawerengera m'Chingerezi, kenako ndinamasulira. Anandipempha kuti ndibwereze chiganizo chachiwiri, chimene chinkati ndikuvomera kuti ndinalakwa.

"Munalakwadi?"

"Ayi."

"Nanga mwalemberanji?"

"Kuti mukagone pouma, aNgozo."

Anatembenukira kukhoma. Ndinkayesa kuti agona. Kenako anati, "Mukatumiza, tumizani. Inu mubwerere ku Lizulu. Ine galimoto imeneyo sindikwera." Ndinawachonderera. Ndinatchula mayina anu. Ndinawauza kuti kunyada sikuchiza chibayo. Anangoti moyo wawo wonse anthu akhala akuwalembera zoti avomere, ndipo safuna kuti womaliza kuwachita zimenezo akhale mkazi wawo. Kalatayo sindinaing'ambe tsiku lomwelo. Inakhala m'Baibulo langa masiku anayi, ndipo tsiku lililonse ndinkaitulutsa. Tsiku lachisanu ndinaiponya pambaula. Amene anaponya ndine, osati iwo. Ndikanatha kuitumiza mobisa nkuwanyamula mokakamiza, anali atafooka moti sakanalimbana nane. Sindinatero.

Mayi Bwanali anakayesedwa ku boma masiku omwewo. Anandiimbira atangotuluka. Anati anawapatsa ndime yoti awerenge mokweza pamaso pa anthu atatu, ndipo mmodzi ankamwetulira asanayambe nkomwe. Anawerenga chala chili pamzere. Atafunsidwa ntchito ya khansala anayankha, atafunsidwa tanthauzo la quorum anayamba kunena za minibasi m'Chingerezi, ndipo womwetulira uja anaseka zenizeni nkulemba kanthu papepala. Anakhoza. Nditawauza bambo anu, anapempha tiyi wa mkaka, amene anali atamukana sabata yonse.

Anamwalira mu Epulo, mvula itayamba kutha. Chisankho sanachione.

Champiti, Epulo 2014

Tinakawaika kwawo ku Champiti. Mayi Bwanali anabwera ndi amayi a mumsika wa Lizulu pa lole, ndi matumba a kabichi ndi mbatatesi, ndipo anakhala kukhitchini masiku awiri akuphikira anthu a mpingo umene suli wawo. Ndi pamaliro pomwepo, Chifundo, kuseri kwa nyumba ya azakhali ako, pamene unandiuza kuti bambo ako ndawapha ndine ndi kuuma mutu kwanga, chifukwa cha mayi wogulitsa mbatatesi amene si m'bale wathu. Sindinakuyankhe. Unali ndi chisoni, ndipo ine ndinalibe mphamvu. Kuyambira pamenepo timalonjerana, umanditumizira zofunika, koma nkhaniyi sitinaikhudzenso.

Yankho langa ndi ili. Sindikudziwa ngati bambo ako akanakhala ndi moyo tikanabwerera ku Lizulu. Adokotala anati mapapo awo anali atatha kale, koma nyumba yonyowa ija sinawathandize, ndipo sindinamizira kuti inawathandiza. Ndimaganiza zimenezi masiku ambiri kuposa mmene iwe ungaganizire. Koma amene anatiika m'nyumba imeneyo si ine, ndiponso si Mayi Bwanali. Ndi munthu amene anaona kuti njira yachidule yopambanira chisankho ndi kuonetsetsa kuti mnzake asadziwe mawu. Ndinapepesa kamodzi ku Champiti ndili mtsikana chifukwa chophunzitsa mwana zoona, ndipo ndikudziwa mmene kupepesa kotero kumakhalira m'mimba mwa munthu. Kwa a Kamwendo sindinapepese, ndipo kwa iwe ndikupepesa chifukwa cha chisoni chako chokha, osati chifukwa cha phunziro lija. Bambo ako sanali katundu amene ndinamunyamula kupita naye kokafa. Anasankha ali maso, ndipo ukamanena kuti ndinawapha, ukuwalanda chinthu chomaliza chimene anachita okha.

Ntcheu boma, chakumapeto kwa 2014

Mu Meyi anthu anavota, ndipo Mayi Bwanali anapambana. Ine ndinavotera ku Lizulu kumene ndinalembetsa, nkubwerera ku Manjawira tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala komweko mpaka ndinapuma pantchito chaka chotsatira. Palibe anandibweza, ndipo sindinapemphenso. A Kamwendo tinakumana kamodzi pa ofesi ya maphunziro. Anandipatsa moni wa manja awiri ndi kundipepesa maliro. Ndinalandira moniwo, chifukwa ndinaleredwa, koma sindinakhale pansi.

Miyezi ingapo chisankho chitadutsa, Mayi Bwanali anandiitana kuti ndikaonere msonkhano wa khonsolo. Ndinapempha tsiku kwa ahedi, ndinakwera minibasi, ndi kukakhala kumbuyo pa mipando ya anthu wamba. M'chipindamo munadzaza amuna a majekete, mafumu, ndi akuluakulu a maofesi. Iwo anakhala chakumapeto kwa tebulo, mpango wobiriwira kumutu, mapepala ali patsogolo, chala chili pamzere. Mlembi anawerenga zolemba za msonkhano wapitawo mothamanga, wapampando nafunsa ngati onse akuvomereza, ndipo asanamalize nkomwe anali atayamba kale kutchula nkhani yotsatira. Ndinaona mayiwo akuimirira. Mpando unakhwekhwerezeka pansi, anthu natembenuka.

"Point of order, Mr Chairman."

Wapampando anayang'ana mlembi, kenako anauza mayiwo kuti alankhule.

"The minutes is not correct. Last meeting I move a motion for toilets at Lizulu market. It was seconded. It is not here. I want it here."

Wina chapakati anaseka chapansipansi. Mayiwo sanakhale pansi. Anangoima, dzanja lili papepala, akuyang'ana wapampando monga ankayang'anira dalaivala amene wabwera ndi matumba osakwana. Khansala wina wachikulire anati ndi zoona, iye ndi amene anavomereza ganizolo. Mlembi anafufuza m'mapepala ake nthawi yaitali, kenako anati chinali cholakwika cha potayipa. Wapampando analamula kuti zikonzedwe pomwepo, ndipo mayiwo anadikira mpaka mlembi atawerenga mokweza zimene walemba. Atamva dzina la Lizulu ndi pamene anakhala.

Zimbudzizo zinatenga zaka zina ziwiri ndi mikangano yambiri kuti zimangidwe, koma imeneyo ndi nkhani yawo, adzakuuzani okha. Tsiku limenelo titatuluka, anandipeza pansi pa mtengo panja pa ofesi. Thukuta linali litanyowetsa mpango m'mphepete.

"Madamu, ndalakwitsa pangati?"

"Pawiri. Minutes ndi zambiri, ndiye timati are, osati is. Ndipo zinachitika kale, ndiye ndi moved."

Anatulutsa cholembera m'chikwama, nalemba mawu awiriwo kuseri kwa pepala la msonkhano, atatsamiritsa pa bondo.

"A Musa akudutsa Lachiwiri," anatero. "Ndiwapatsira kope."